Musanawonjezere mphamvu ya injini, yambani mwaona mabuleki

A Mkonzi,

Mundipatseko kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga okonda timagalimoto tating'ono taliwiro, tija ta chitseko chakumbuyo chotsegukira m'mwamba timene timatchedwa hatchback. Ine ndili ndi Volkswagen Golf GTI ya m'badwo wachisanu, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri ndikuikonza ndi manja angawa. Anyamata ambiri akaiona amandifunsa funso limodzi lomwelo: "Achimwene, munaichita remap? Ikutulutsa ma horsepower angati?" Remap ndi kusintha pulogalamu ya injini kuti ikhale ndi mphamvu zambiri, ndipo horsepower ndi muyezo wa mphamvuzo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo kuti mafuta a mabuleki ndinasintha liti. Chimenechi ndicho chandikhazika pansi kuti ndilembe, pakuti inenso ndinayambira komweko, ndipo kunatsala pang'ono kuti ndisakhalepo lero.

Golf GTI yoyamba inatuluka mu 1976. Injini yake inali ya malita 1.6, yotulutsa ma horsepower 110 okha, ndipo galimoto yonseyo inkalemera makilogalamu ongopitirira 800. Chimene chinakopa anthu sichinali mphamvu yochuluka ayi. Inali yopepuka, yomvera chiwongolero, yokhazikika pokhota. Peugeot 205 GTI ya mu 1984 inatchuka pa chifukwa chomwecho. Yanga ili ndi injini ya malita 2.0 ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), ma horsepower 200 kuchokera kufakitale, koma kulemera kwake kumaposa makilogalamu 1,300. Kulemera konseko kumafuna kuimitsidwa, ndipo zoimitsa ndi mabuleki ndi matayala basi.

Nditangoigula, sabata yachiwiri yomwe, ndinapita kwa munthu wina wa kompyuta kuti asinthe pulogalamu ya injini. Imeneyo ndiyo remap: amauza turbo kuti izikankha mpweya wambiri, n'kusintha kuchuluka kwa petulo ndi nthawi yothethekera mapulagi. Ntchitoyo sinatenge ola. Potuluka pamenepo galimoto inali ngati ina. Ndikaponda pa giya yachitatu msana unkakanirira ku mpando. Ndinasangalala kwambiri, sindinganame.

Patatha mwezi ndinali kutsika mtsetse wautali wokhotakhota, mkazi wanga ali pambali, mwana wathu atagona kumbuyo. Sindinkathamanga mopenga, koma ndinkaponda mabuleki pafupipafupi m'malo motsitsa giya. Titayandikira kona ina phazi langa linangolowa mpaka pansi, ngati ndaponda siponji. Galimoto sinamve. Ndinapopa kawiri katatu, ndinatsitsa giya, injini inalira, liwiro n'kuyamba kuchepa, mpaka ndinapeza pamene msewu unatambasuka n'kuima. Fungo la chitsulo chopsa linadzaza m'galimoto. Mkazi wanga sananene kanthu. Anangotembenuka n'kugwira mwendo wa mwana, amene anali akugonabe. Manja anga ananjenjemera kwa nthawi yaitali ndili chiimire pambali pa msewu. M'mawa mwake nditatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki, ndinapeza akuda bii, pamene atsopano amakhala oyera moonekera, otuwirako pang'ono. Galimotoyo ndinali nditaiwonjezera mphamvu ndisanatsegule n'komwe kabotoloko.

Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa madzi amatha kuwira cha m'ma 155. Mabuleki akatentha pa mtsetse, madziwo amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Ndiye phazi lako limangofinya nthunziyo, mapadi a mabuleki osagwira disiki, chitsulo chozungulira ndi tayala chimene amayenera kufinya. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati tizisintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse, kaya galimoto yayenda kwambiri kaya yangokhala. Palinso vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi limeneli: phazi limakhala lolimba bwinobwino koma galimoto osaima. Apo ndiye kuti mapadi ndi amene apsa mopitirira muyezo wake. Mankhwala ake ndi osiyana, loyambalo ndi mafuta atsopano, lachiwirilo ndi mapadi opirira kutentha. Ndipo kumbukirani kuti liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumawirikiza kanayi. Walira mvula walira matope. Amene wafuna mphamvu wafunanso kutentha, ndipo kutenthako kumapita ku mabuleki, ku kilatchi, ku oyilo.

Kusintha mafutawa ndi ntchito imene munthu angathe pakhomo, bola akhale ndi mnzake woponda, kapaipi koonekera mkati ndi botolo. Buku la galimoto yanu likuuzani tayala loyambira, chifukwa magalimoto amasiyana. Chachikulu, kabotolo ka pamwamba kasaume, apo ayi mpweya ulowa m'makina a ABS, aja oletsa matayala kukhukhuluzika pogwira buleki, ndipo kuuchotsa mmenemo kawirikawiri kumafuna kompyuta. Musasakanize DOT 5 ndi DOT 4. Mayinawo akuyandikana koma DOT 5 ndi ya silikoni, sizigwirizana. Imene imagwirizana ndi DOT 4 ndiyo DOT 5.1.

Za matayala ndinena mwachidule. Galimoto yonse imakhudza msewu pa malo anayi, alionse aakulu ngati chikhatho. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya, ndipo pa msewu wonyowa silikuthandizani. Ndikanapatsidwa mwayi wosintha chinthu chimodzi chokha pa galimoto iliyonse, ndikanasankha matayala abwino anayi ofanana.

Tsopano ndikuonetseni kachinthu kamene ndimakakonda kuposa chilichonse chonyezimira chimene ndinagulapo. Pa injini ngati yangayi, pampu ya petulo ya mphamvu kwambiri imakankhidwa ndi camshaft, ndodo yozungulira imene imatsegula mavalavu a injini, ndipo pakati pa ziwirizi pamakhala kachitsulo kooneka ngati kakapu, kokwana pa nsonga ya chala chamkombaphala. Amakatcha cam follower. Kamatha ngati mmene mapadi amathera, ndiyo ntchito yake. Kuti mukaone, injini izizire, muphwetse kaye mphamvu ya petulo amene ali m'paipi chifukwa amakhala wopanikizika kwambiri, mumasule mabawuti atatu, mukoke pampu pang'onopang'ono, kenako mulowetse chala n'kukatulutsa. Katsopano pansi pake pamakhala pakuda posalala. Kamene ndinatulutsa koyamba kanali katayera pakati, kuda kuja kutatha, ndipo ndikayendetsa chikhadabo ndinkamva kadzenje. Kakanabooka, ndodo ya pampu ikanayamba kudya camshaft yeniyeniyo, tizidutswa ta chitsulo n'kumazungulira mu oyilo. Ndinakasunga. Kali pa shelefu mpaka lero, ndipo mnyamata aliyense wondifunsa za remap ndimayamba ndamugwiritsa m'manja kachitsuloko. Injini yowonjezeredwa mphamvu imafuna petulo wambiri, ndiye kachitsuloka sikoyenera kukaiwala. Ine ndimakayang'ana pa kusintha oyilo kwachiwiri kulikonse.

Zilipo zina za mtundu womwewo, zosaoneka kunja. Lamba wa timing, wogwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi mavalavu, akaduka pa injini imeneyi mapisitoni amagunda mavalavu, choncho ngati simukudziwa kuti anasinthidwa liti, musintheni pamodzi ndi pampu ya madzi. Amene ali ndi giyabokosi ya DSG ya magiya asanu ndi imodzi, ija yosintha magiya yokha, asinthe oyilo wake ndi fyuluta pa makilomita 60,000 alionse. Popeza pa injini imeneyi petulo amapoperedwa mwachindunji m'silinda, sadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya kuti awatsuke, ndiye mwaye umaunjikana kumbuyo kwake. Tsiku limene ndinachotsa manifodi, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, ndinapeza mavalavu atavala chinthu chakuda chomata ngati phula la mumsewu, ndipo ndinatha Loweruka lonse ndikupala. Itatha ntchitoyo injini inasiya kunjenjemera m'mawa. Mphamvu imene ndinkaifuna kwa munthu wa kompyuta, ina inali itangobisala pansi pa mwayewo.

Gulaninso kachipangizo kowerengera zolakwika za injini, kolumikiza pa soketi ya OBD imene ili pansi pa chiwongolero. Nyali ya injini ikayaka pa dashibodi musamalote. P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya, ndipo mukasinthanitsa koyilo yake, imene imapereka magetsi ku pulagi, ndi ya silinda ina, vuto n'kusamukira komweko, mwapeza wolakwa. P0299 ikutanthauza kuti turbo sikukankha mokwanira, ndipo kawirikawiri kamakhala kapaipi kotayikira kapena kampira kong'ambika m'valavu yobwezera mpweya. Ambiri agula turbo yatsopano chifukwa cha kampira.

Zimene zimandiwawa ndi zija zogulira phokoso. Fyuluta ya mpweya yosongoka ija, yoikidwa poyera pansi pa boneti popanda chotchinga, imakoka mpweya wotentha wa injini, pamene injini imafuna wozizira. Ikakhala yopakidwa oyilo wambiri imadetsanso sensa yoyeza mpweya. Valavu ija yofwenthera kunja, imene imalira "pshii" posintha giya, imataya mpweya umene kompyuta yawerenga kale n'kuupimira petulo. Kudula masipuling'i kuti galimoto itsike kumapha mashoko ndipo galimoto imadumphadumpha pokhota. Ngati mukufunadi kuitsitsa, gulani masipuling'i ndi mashoko opangidwira limodzi, mukatero mukawongoletse matayala pa makina. Koma chimene sindingachivomereze n'pang'ono pomwe ndi kuchotsa catalytic converter mu ekizozi. Kachipangizo kameneko kamasandutsa mpweya wa poizoni, monga carbon monoxide, kukhala wosaopsa kwenikweni. Mukakachotsa, utsiwo amaupuma ndi mwana woyenda m'mphepete mwa msewu, amene sanakulakwireni kanthu.

Ndinenenso za jeke, ndipo apa ndikupempha ndi mtima wonse. Musalowe pansi pa galimoto imene yangokwezedwa pa jeke. Jeke ndi wokwezera, sikuti ndi wogwirira. Ikani zitsulo zochirikizira pa malo olimba ndi osalala, tsekerani matayala otsala, ndipo tayala limene mwachotsa mulilowetse pansi pa galimoto. Igwedezeni ndi manja awiri musanalowetse mutu. Pomanga matayala gwiritsani sipanala yoyeza mphamvu. Pa yangayi mabawuti amafuna 120 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira umene sipanalayo imasonyeza), osati kudumphira pa sipanala ndi phazi.

Pali amene amati tonse osintha magalimoto ndife osokoneza pamsewu. Ndimawamvetsa, chifukwa amene amamveka usiku ndi aphokoso aja. Koma munthu amene wagwirapo yekha mapadi otha, amene waonapo mafuta akuda aja, amayendetsa mosamala kuposa amene sanatsegulepo boneti. Ine sindikutsutsa remap. Yanga ilipobe, ndipo ndimasangalala nayo podutsa lole pa chitunda. Ndinangoibweza ku pulogalamu ya kufakitale kwa chaka chathunthu kufikira nditamaliza mabuleki, matayala, lamba ndi zonse ndatchulazi. Poibwezeretsa ndinafunsa mafunso amene poyamba sindinafunse: pulogalamuyi inalembedwera petulo wa okiteni yanji? Okiteni ndi nambala yosonyeza mmene petulo amapiririra kupanikizidwa asanaphulike yekha. Ngati inalembedwera 98 inu mukuthira wotsikirapo, injini imatha kugogoda, ndipo kugogoda kumeneko kumatha kuswa pisitoni. Kodi kilatchi ipirira? Kodi munthuyo ajambula mmene injini ikuyendera ikakhala pamsewu, kapena angothira pulogalamu n'kukutsanzikani? Ndinauzanso a inshuwalansi, pakuti kubisa kusintha kotere kungachititse kuti akukanireni tsiku la ngozi. Ndipo wofuna kudziwa mapeto a liwiro la galimoto yake akayesere pa bwalo la mpikisano lotsekedwa, kumene kulibe oyenda pansi kapena njinga.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti pa tsamba lanu la zamagalimoto muzitipatsako nkhani za ntchito zimenezi m'Chichewa, ndi zithunzi zake: kusintha mafuta a mabuleki, kuwerenga zaka za tayala, kuchirikiza galimoto bwino. Mabuku ake ambiri ali m'zinenero zina, ndipo anyamata amangotengera zimene aona kwa anzawo. Mwana wanga uja amene anagona pa mtsetse tsopano ndi amene amandipondera buleki ndikamasintha mafuta. Ndimakuwa ndili kutayala kuti "ponda, gwira," iye n'kuyankha kuti "ndagwira, ababa," mpaka thovu lomaliza litatuluka m'kapaipi. Mwezi wamawa zaka ziwiri zikukwananso, ndipo botolo latsopano ndagula kale.

Ine wowerenga wanu,
Wokonda Golf GTI