Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: nyamakazi ina imabisa khansa ya m'magazi

Olemekezeka a Nduna,

Kuno ku Chigwa cha Shire munthu akatupa kapamba, magazi n'kuchepa, aliyense amathamangira kunena kuti ndi malungo kapena likodzo. Kawirikawiri zimakhaladi choncho. Koma alipo odwala ena amene tikuwataya chifukwa cha chizolowezi chimenechi.

Pali matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo, monga lupus ndi nyamakazi yotupitsa mfundo za zala. Nthawi zina matendawa amayendera limodzi ndi khansa za m'magazi ndi m'mafuta a m'mafupa, zomwe zimadya munthu pang'onopang'ono. Pa odwala 10 alionse a myelodysplastic syndrome, khansa imene imalepheretsa mafuta a m'mafupa kupanga magazi abwino, mmodzi kapena awiri amakhalanso ndi vuto la chitetezoli.

Azakhali anga ankadzuka zala zitauma gwa, moti chitenje ankachita kuwamangira mdzukulu. M'zikope munali mbuu. Kuchipatala ankawapatsa prednisolone ndi mapiritsi owonjezera magazi. Ululu ukaleka ankabwerera kudimba, koma magazi osakwera. Prednisolone amaziziritsa kutupa, inde, koma amaphimbanso chimene chikuchitika mkati. Khansa inakapezeka mochedwa ku Blantyre, atawabaya fupa la m'chiuno kuti aone mafuta ake. Dokotala amene ankawaona kuno sindikumuimba mlandu. Munthu mmodzi, mzere wa odwala mpaka panja, angatani?

Pempho langa ndi ili, a Nduna. Ikani lamulo loti wodwala nyamakazi amene magazi ake sakukwera ayezedwe full blood count (kuwerenga maselo a mitundu yonse a m'magazi), magaziwo aonedwenso pa maikulosikopu, asanapatsidwe prednisolone kachiwiri. Amene akumwa methotrexate, mankhwala ena a nyamakazi, nawonso aziyezedwa pafupipafupi, poti mankhwalawa amatha kutsitsa magazi. Zimenezi zitheka pokhapokha ma labu a m'maboma azikhala ndi mankhwala oyezera chaka chonse.

Ndipo si khansa iliyonse ya m'magazi imene ndi imfa. Chiyambire 2001, chronic myeloid leukaemia imagonja ndi mapiritsi a imatinib, munthu n'kumalima bwinobwino, bola idziwike msanga.

Wodwala wa ku Makhanga kuti akafike ku Queens ayenera kupeza ya thiransipoti, kukwera mapiri a ku Thabwa, ndi wom'dikirira pambali. Madzi akasefukira, ngati mmene zinalili ndi Freddy mu 2023, njira imadukiratu. Titumizireni katswiri wa matenda a magazi azibwera ku Nsanje ndi ku Chikwawa pa masiku odziwika, kuti odwalawa aziwaonera konkuno.

Ine wanu,
Nzika ya ku Nsanje