Kwa Tadala, za timaphukusi tophika ndi nthunzi

Wokondedwa Tadala,

Zaka 8 zakwana eti! Ine m'mutu mwanga ukadali kamwana kaja kokana nsapato, koma amayi ako akuti tsopano ukufikira pamene amabisa shuga osakwera pampando. Shugayo uwasiyireko. Dzino linkagwedera lija linachoka? Unaliponya padenga? Nanga chifuwa chija chinatha? Agogo ako akuti umatuluka m'mamawa wopanda juzi, ndipo nkhani imeneyi sakugona nayo tulo. Uzivala, wamva?

Kuno ku Johannesburg mvula yayamba, ndipo imakonda kubwera masana, ndi mabingu ake ngati yakwiyira munthu. Dzulo inagwa ya matalala. Itangokata, pa kapinga kuseri kwa khitchini panatera mbalame imene kuno amati hadeda. Ndi yaikulu ngati nkhuku, yotuwa, koma dzuwa likaiwomba paphiko pamanyezimira mobiriwira ngati mafuta agalimoto atadonthera m'chithaphwi. Mlomo wake ndi wautali, wopindikira pansi. Inkayenda pang'onopang'ono ngati mfumu ikuyendera munda, kenako n'kulowetsa mlomo wonse m'dothi lofewalo, n'kuima duu. Siyang'ana ayi, nyongolotsi imaimva ndi nsonga ya mlomo. Ndiye inakoka. Nyongolotsi inakana. Inakokanso, nyongolotsi n'kumangotalika ngati mpira wa legeni, mpaka inazuka mwadzidzidzi, mbalame ija n'kudzandira chambuyo. Inayang'ana uku ndi uku ngati ikufufuza amene waiona ikuchita manyazi, inameza, n'kuuluka ikukuwa kuti haa, haa, haa-de-daa! Mawu ake ngoposa a tambala wa agogo ako. Kwanuko ngumbi zatuluka? Wagwira zingati?

Tsopano funso lako lija. Zoyera zimene unaona pachithunzi zili m'kadengu ka nsungwi si mandasi osapsa ayi. Ndi chakudya cha kum'mwera kwa China, kuchigawo cha Guangdong, kumene kuli mzinda wa Guangzhou, komanso ku Hong Kong. Amachitcha dim sum, mawu amene tanthauzo lake lili ngati kukhudza mtima. Ndi tizakudya ting'onoting'ono tambirimbiri timene anthu amadyera tiyi m'mawa kapena masana, ndipo kupita kukadya zimenezi amati yum cha, ndiye kuti kumwa tiyi. Tiyi wake alibe mkaka, alibe shuga. Iwe bwenzi utalira. Munthu akakuthirira tiyi umagogoda patebulo ndi zala, ndiye zikomo wake ameneyo, chifukwa pakamwa pamakhala podzaza. Kuno amagulitsa mumsewu wa Derrick Avenue ku Cyrildene, kumene kuli masitolo ndi malo odyera a anthu a ku China.

Mwa tizakudya timeneti, timene unaona ndi timaphukusi ta nyama, abale ake a samusa, koma sitilowa m'mafuta. Timapsa ndi nthunzi yokha. Kena amati har gow, chikuto chake chimaonekera mkati ngati pepala lonyowa chifukwa amachipanga ndi ufa wosalala wa tirigu wosakaniza ndi tapioca, ndipo tapiocayo amachokera ku chinangwa. Inde, chinangwa chomwechi! Koma kameneko n'kovuta, ngakhale akuluakulu kamawang'ambikira, ndipo ufa wa kondowole sungalowe m'malo mwa tapioca. Tikasiye kaye. Inu mupange tosavuta, ndipo kalatayi uwerenge limodzi ndi amayi ako chifukwa za moto ndi madzi otentha n'zawo. Yako ndi ntchito yopinda.

Muyambe ndi ufa. Ufa wa tirigu wamba magalamu 300, ndiwo makapu 2 ndi kagawo kena kosafika theka. Usakhale uja wosakaniza kale ndi zofufumitsa, chifukwa ungatupe ngati mabanzi. Muthire kamchere kotsina ndi zala, kenako madzi ongophulidwa kumene pamoto, mamililita 160, kapu yopitirira theka pang'ono. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, mwana wanga: madziwo akhale owira. Madzi owira amaphikiratu ufa pang'ono, ndiye chikuto chimakhala chofewa chikapsa ndi nthunzi. Mukathira ozizira chimatuluka cholimba, chonyutuka ngati lamba. Ozizira ndi a timaphukusi towiritsa m'madzi, osati iti. Amayi ako athire pang'onopang'ono akutakasa ndi mthiko, mpaka ufa ukhale timibulu. Manja asalowemo msanga. Pakapita mphindi 5, ufa utazizirako, ndiye kukanda, kwa mphindi 8 kapena 10, mpaka mtanda usalale ndipo ufewe ngati kunsi kwa khutu lako. Taligwira khutulo uone. Ukamamata m'manja, muwaze ufa supuni imodzi. Ukamang'aluka, munyowetse manja n'kupitiriza kukanda, osathira madzi mwachindunji.

Kenako mtandawo ugone. Muuvindikire ndi kansalu konyowa kwa mphindi 30. Ndikukudziwa, uzifuna kumasuzumira. Mtanda wosagona umakana kutambasuka, ukauphwatalalitsa umabwerera ngati nyongolotsi ya hadeda ija.

Uli chigonere, mukonze zamkati. Nyama ya nkhumba yogaya magalamu 300, ndipo ikhale ya mafuta ake, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4. Amayi ako asasankhe ya mnofu wokhawokha poganiza kuti ndiyo yabwino, chifukwa imeneyo ikapsa imauma n'kukhala kamwala m'kati mwa phukusi. Ngati pabwera alendo osadya nkhumba, ntchafu za nkhuku zodula bwinobwino zimachita, koma chidale chimauma. Kabichi magalamu 200, wodula tinthu ting'onoting'ono kuposa wa ndiwo. Mumuwaze mchere theka la supuni yaing'ono, akhale mphindi 15, kenako mumuike pakansalu koyera n'kufinya. Kufinyaku ndi ntchito yako, ndipo udzadabwa madzi amene atuluke. Madzi amenewo akatsala, amakatulukira m'kaphukusi, chikuto n'kunyowa, n'kubooka pansi.

Mu nyamamo muthire soya sosi supuni yaikulu imodzi ndi theka, shuga supuni yaing'ono imodzi, jinja wopala supuni yaing'ono imodzi, anyezi wamasamba mitengo 3 wodula, ndi mafuta a chitowe supuni yaing'ono imodzi ngati apezeka. Akasowa, ophikira omwewa alowe, kungoti kafungo kake sikamveka. Mchere wina musawonjezere, soya sosi ndi kabichi ali nawo kale. Ndiye madzi ozizira masupuni aakulu 3, imodziimodzi, uku mukutakasa mozungulira mbali imodzi yokha, osabwerera. Mutakase mpaka nyama imwe madzi onse n'kuyamba kunanda, yomata ku mthiko. Madzi amenewa ndi amene amasanduka kamsuzi kotsekemera m'kati. Kabichi alowe pomaliza. Ngati magetsi alipo, mbaleyo ikhale m'firiji mphindi 30, nyama yozizira siivuta kukulunga.

Tadala, nyama yaiwisi salawa. Ndanena. Ngakhale kunyambita chala ayi. Ukatha kupinda usambe m'manja ndi sopo, ndipo Pusi asakwere patebulo. Akadali wakuba uja? Amayi ako akafuna kudziwa ngati mchere wakwana, akazinge kachidutswa kamodzi alawe.

Tibwerere ku mtanda. Muugawe pawiri, theka lililonse mulikulunge likhale ngati chingwe chonenepa, n'kudula tizidutswa 15. Tonse pamodzi 30, kalikonse ngati magalamu 15. Timene simunatigwire tikhale pansi pa kansalu konyowa kaja, chifukwa mphepo ikatiumitsa m'mphepete simugwirana. Kachidutswa kamodzi ukapsinje ndi chikhatho, kenako amayi ako akapyapyalitse ndi botolo lotsuka bwino mpaka kakhale kozungulira, masentimita 8 kapena 9 m'mimba mwake, ngati kukamwa kwa kapu. Asayendetse botolo kuchoka uku kukafika uko. Aliyendetse kuchokera m'mphepete kulowa cha pakati, n'kubwerera, n'kutembenuza kachikutoko pang'ono, n'kubwerezanso. Pakati pakhale pochindikala kuti panyamule nyama, m'mphepete mukhale mopyapyala chifukwa mukapindana mumachindikala mokha.

Tsopano iwe. Ika kachikuto pachikhatho cha kumanzere. Kodi ukulembabe ndi dzanja lamanzere? Ngati ndi choncho, sinthanitsa. Pakati ikapo nyama supuni yaing'ono imodzi yodzaza, basi. Mtima udzakuuza kuti uwonjezere. Usaumvere, kaphukusi kodzaza kwambiri kamaphulika. Nyamayo isakhudze m'mphepete, chifukwa pamene pafika mafuta sipamatika. Pinda pakati ngati mwezi wa theka, tsina pamwamba penipeni kuti mbali ziwirizo zigwirane. Kenako mbali yoyang'ana kwa iwe yokha, pinda kakhwinya kamodzi kolozera pakati, tsina, kena, tsina, timakwinya 3 kumanja, 3 kumanzere, ngati siketi ya yunifolomu yako. Mbali ya kumbuyo isapindidwe. Ukatero kaphukusiko kamakhota kokha n'kukhala pansi bwinobwino osagwa. Akatswiri a har gow amafika timakwinya 10 n'kupitirira, koma iwe ngakhale popanda kakhwinya n'kamodzi komwe, bola patsekeke. Pakakana kumata, nyowetsa chala m'madzi upake m'mphepete.

Zikakutopetsa pali njira ina, ya siu mai, timene sititsekedwa pamwamba. Panga bowo ndi chala chachikulu ndi cholozera, ika kachikuto pamwamba pake, kankhiramo nyama ndi supuni mpaka kakhale ngati kakapu kodzaza, finya pang'ono m'chiuno, kagunditse patebulo kuti pansi paphwatalale. Pamwamba ika kachidutswa ka karoti. Eniake amagwiritsa chikuto chachikasu chopyapyala kwambiri, ndiye cha siu mai amayi ako achipyapyalitse koposa.

Kadengu ka nsungwi kaja mulibe, ndikudziwa, ndipo musavutike kukafuna. Tengani poto wamkulu wa chivindikiro chokwana bwino. Pansi pake muikemo timiyala 3 totsuka, tofanana msinkhu, ngati mafuwa. Madzi afike theka la timiyalato, masentimita 3 kapena 4. Pamwamba pa timiyala pakhale mbale yachitsulo yocheperapo kuposa poto, kuti nthunzi ipeze podutsa m'mbali. Madzi asakhudze mbale ngakhale akamabwata. Pambalepo muyale masamba a kabichi kapena tsamba la nthochi lowaula, apo ayi timaphukusi timakakamira, ndipo pochotsa pansi pamatsalira pompo, msuzi wonse n'kutayika. Mutiyale motalikirana, chala chimodzi chizilowa pakati, chifukwa timatupa pang'ono ndipo tikagundana timamatana.

Chinthu china chimene nsungwi imachita bwino kuposa chitsulo: imamwa nthunzi. Chivindikiro chachitsulo chimachita thukuta, madontho n'kumagwera pa timaphukusi, pamwamba n'kukhala phalaphala. Ndiye amayi ako achikulunge ndi kansalu koyera, nsonga zake azimange pamwamba kuti zisalendewere kumoto. Zisalendewere, ndabwereza dala.

Mbale ilowe madzi atayamba kale kubwata, osati akadali ozizira. Moto ukhale wamphamvu, ngati ndi pambaula makala akhale atayaka onse. Mphindi 10 mpaka 12, osavundukula. Ukavundukula nthunzi imathawa, kutentha kumatsika, nyama siipsa m'kati. Uwerenge nthawi ndiwe, pa foni ya amayi ako. Nthawi ikakwana, amayi ako avundukule chivindikiro chikuyang'ana kumbali, ndipo iwe uime patali masitepe atatu. Nthunzi imawotcha kuposa mmene imaonekera, mwana wanga, ndipo manja akowo ndimawafuna. Adule kamodzi pakati: nyama ikhale yotuwa mpaka m'kati, popanda pofiira, chikuto chikhale chonyezimira, chosaoneka ufa. Pakakhala pofiira, abwezere mphindi 3. Asanaike mbale yachiwiri ayang'ane madzi, akachepa awonjezere otentha. Poto akauma, timaphukusi timamveka utsi.

Tikapsa tidikire mphindi 2 tisanachotsedwe, chikuto chimalimbako ndipo sichingang'ambike. Totsala tosaphika mutiyale pathireyi motalikirana, tiume mufiriji ya ayezi, kenako mutiike m'pepala la pulasitiki. Tsiku lotifuna tilowe pa nthunzi tili chiumire, mphindi 15, osatisungunula kaye.

Chosunsira chake ndi soya sosi masupuni 2, viniga supuni imodzi ndi jinja wodula ngati tiulusi. Tsabola ndi wa atate ako. Poluma uyambe ndi kangodya kuti kutentha kutuluke, chifukwa kamsuzi ka m'kati kamawotcha lilime. Ndipo agogo ako akafunsa kuti nsima ili kuti, uwauze kuti ikubwera madzulo.

Koyamba kupinda iweyo, ngakhale katakhota ngati mlomo wa hadeda, amayi ako akajambule anditumizire. Undiuzenso za dzino lija, ndi dzina la aphunzitsi ako atsopano, ndiponso ngati nsapato ndinatumiza zija zikukukwanabe. Ndakusowa kwambiri. Juzi usaiwale.

Ndine,
Azakhali ako