Njovu zitatu za ku Johannesburg Zoo zikhale zomaliza

Akonzi,

Ndiloleni ndiponyepo mawu pa mkangano woti njovu zitatu za kumalo osungirako nyama a Johannesburg Zoo zisamutsidwe kapena zikhale pomwepo, ngakhale ndine munthu wamba wosamalira maluwa m'mayadi a ku Parkview kuno. Mpanda wa malowa ndimaulambalala tsiku lililonse popita kuntchito, ndipo m'mawa kukakhala zii, mikango imamveka kubangula ine ndili pakati pothirira kapinga wa abwana.

Kwathu ndi ku Machinga, kufupi ndi nkhalango ya Liwonde. Njovu sindinaidziwire pa chithunzi ayi. Tili ana tinkachezera m'munda, kusonkha moto ndi kumenya zitini kuti zisalowe, ndipo chaka china zinapululutsa chimanga cha amayi usiku umodzi wokha, m'mawa tinangopeza mapesi ophwanyika ndi ndowe zotentha. Choncho wina asaganize kuti ndikulemba chifukwa cha mtima wofewa. Ndinakula ndikuitukwana nyama imeneyi.

Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno ku Joni, ndipo nyama yakutchire yomwe ankaidziwa ndi khoswe wa kuseri kwa shopu. Lamlungu lina ndinamutenga kukaona nyama. Pa njovu anaima nthawi yaitali, kuyang'anitsitsa mmene chitamba chimatolera udzu n'kuupinda n'kuulowetsa m'kamwa. Pamalo panali posesa bwino, chakudya chilipo, madzi alipo, ndipo antchito ake ndinaona kuti amazikonda nyamazo. Ndiye mwana anandikoka malaya: "Ababa, zikatopa pano zimapita kuti?" Ndinangomugulira ayisikilimu.

Funso limenelo ndi lomwe landilembetsa kalatayi. Njovu ya kutchire imayenda makilomita ambirimbiri kufuna chakudya ndi madzi, imatha kudya makilogalamu 150 patsiku, ndipo zazikazi zimakhala pa mtundu wawo moyo wonse, agogo, amayi, ana ndi adzukulu, motsogozedwa ndi yaikazi yaikulu. Malo onse a Johannesburg Zoo, kuphatikiza misewu, malesitilanti ndi makola a nyama zina zonse, ndi mahekitala pafupifupi 55. Gawo la njovu ndi kachidutswa chabe ka pamenepo. Njovu yaikazi yotchedwa Lammie inabadwira momwemo mu 1979. Mnzake Kinkel atafa mu 2018 inatsala yokha, anthu ambiri n'kupempha kuti isamutsidwire kumalo otakasuka. Oyang'anira anasankha kubweretsa zina ziwiri, Mopane ndi Ramadiba, mu 2019. Bungwe loteteza nyama ku nkhanza la NSPCA linatsutsa, ndipo pambuyo pake omenyera ufulu wa nyama a EMS Foundation ndi anzawo anatengera nkhaniyi kukhoti. Ine za malamulo ndizisiya kwa oweruza. Koma ndakhalapo zaka m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana wabwino ndithu, nsima yosasowa, bulangete lofunda, komabe likafika Loweruka madzulo miyendo inkayabwa yokha.

Tsono pali anthu omwe amati malo onse otere angotsekedwa, wofuna nyama apite ku nkhalango ya Kruger kapena ya Pilanesberg. Amenewo ali ndi galimoto. Mwana wa ku Diepsloot kapena ku Alexandra adzapita ku Kruger ndi ndalama ziti? Ku Parkview amafikako pa taxi, kapena pa basi ya sukulu. Malowa anatsegulidwa mu 1904, ndipo omwe anapereka malo aja anaika lamulo loti akhale a anthu a mitundu yonse, moti ngakhale nthawi ya tsankho munthu wakuda ankalowa kumeneko ndi ku Zoo Lake tsidya la Jan Smuts Avenue. Chinthu chotere sichotaya mopupuluma.

Ndipo pali ntchito ina yabwino yomwe alendo ambiri saiona, poti onse amathamangira ku mikango. Kuli kachule kakang'ono ngati nsonga ya chala, ka mtundu wa Pickersgill, kopezeka m'madambo a m'mphepete mwa nyanja ku KwaZulu-Natal kokha. Madambo ake anadyedwa ndi minda ya nzimbe ndi zomangamanga, kenaka kanatsala pang'ono kutha. A Johannesburg Zoo anakaweta mpaka kuswana, ndipo mu 2018 anayamba kubwezera timachuleto kwawo. Apa ndiye ndimavula chipewa. Chule safuna makilomita, ndipo akaswana m'khola ana ake amabwerera kudambo. Nanga ndi njovu zingati zobadwira m'khola zomwe zikufunika kuti zikadzaze tchire? South Africa ili ndi njovu masauzande ambiri, moti m'malo ena akudandaula kuti zachuluka.

Ife Amalawi tinaona ndi maso chomwe chimabwezeretsa nyama zikuluzikulu. Ku Majete nyama zinali zitatheratu pamene a bungwe losamalira nkhalango la African Parks ankayamba ntchito mu 2003. Anamanga mpanda, analemba asilikali a nkhalango, anabweretsa zipembere, kenaka njovu mu 2006, mikango mu 2012 yochokera konkuno ku South Africa. Njovu zinaswana mpaka mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Zinachoka kutchire kupita kutchire.

Sindikunena kuti Lammie angomutsitsa pa lole pakati pa thengo n'kumutsazika. Njovu yomwe sinafunepo yokha madzi singapirire zimenezo, komanso ofuula kuti "zimasuleni" ayambe afunsa anthu ozungulira Kasungu zomwe akumana nazo chibweretsereni njovu 263 mu 2022. Mpanda wolimba ukhalepo, munda wa munthu usakhale mtengo wa chifundo chathu. Koma njira ilipo kale. Mu 2024 njovu yamphongo Charlie, yomwe inagwidwa ili yaing'ono ku Hwange m'dziko la Zimbabwe n'kukhala m'manja mwa anthu zaka 40, inachotsedwa ku zoo ya ku Pretoria kupita ku nkhalango ya Shambala ku Limpopo, komwe anayamba n'kuizoloweza pang'onopang'ono.

Pempho langa kwa a Johannesburg City Parks and Zoo, omwe amayang'anira malowa, n'lakuti, kaya zitatuzi zisamuka kaya zikalambira pomwepo, pasadzabwerenso ina. Anachitapo kale zotere. Wang, chimbalangondo choyera cha kumadzi oundana chomwe chinkapirira dzuwa la Gauteng, chitafa mu 2014 sanagule china. Mabasi a ana asukulu ndimawaonabe ali ndandanda pageti, phokoso lake mpaka ku yadi yomwe ndimagwira ntchito.

Wowerenga wanu,
Cosmo City, Johannesburg