Nkhawa ndi zilonda za m'matumbo

Wokondedwa bwenzi langa,

Kalata yanu inandikhudza, makamaka pamene munalemba kuti kuyambira pomwe anakupezani ndi matenda a Crohn, omwe amatupitsa matumbo n'kuyambitsa zilonda, m'mimba mumapotokola kwambiri ndipo mumatsegula zamagazi nthawi imene nkhawa yakuchulukirani, koma abale ena amati n'zam'mutu chabe. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Munthu akakhala pa mantha kapena pa nkhawa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, ndipo mitsempha yotumiza mauthenga yofika m'matumbo imatulutsa timadzi tina totchedwa noradrenaline. Uthenga wa ziwirizi umalandiridwa ndi ma adrenergic receptor, omwe ine ndimawayerekeza ndi timakutu tokhala pakhungu la selo. Raymond Ahlquist ndiye anawagawa m'magulu a alpha ndi beta mu 1948, ndipo mu 2012 Robert Lefkowitz ndi Brian Kobilka analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofufuza mmene timakutu tamtunduwu timagwirira ntchito. Mukamaona munthu wodwala mphumu akukoka salbutamol n'kuyamba kupuma bwino, ndiye kuti mankhwalawo akhudza beta-2, mtundu umodzi wa timakutu ta m'gulu la beta.

Chondichititsa chidwi n'chakuti beta-2 yemweyo amapezekanso pa maselo a chitetezo cha m'thupi, monga ma macrophage, omwe ndi ochuluka m'khoma la matumbo. Akakhudzidwa, maselowa amachepetsa kutulutsa TNF-alpha, puloteni yomwe imakolezera kutupa, yomweyo imene mankhwala otchedwa infliximab amaigwira kuyambira mu 1998 pamene anavomerezedwa ku America kuthandiza odwala Crohn. Koma gulu la alpha-2 lingathe kuchita zosiyana, n'kuwonjezera kutupako. Ofufuza apezanso kuti m'matumbo otupa a odwala Crohn mitsempha yotulutsa noradrenaline imachepa, ndiye kuti liwu loziziritsa moto limafika mofooka pamalo pomwe likufunika kwambiri.

Zambiri mwa izi zaphunziridwa pa mbewa ndi pa maselo a m'labotale, choncho musaone ngati mankhwala a mphumu angachize matumbo anu. Chomwe ndikupempha n'chakuti, popeza munatchula kuti mumamwa propranolol wa kuthamanga kwa magazi, yemwe amatseka ma receptor a beta, muwauze adokotala anu a matumbo za mankhwalawa, koma musawasiye mwadzidzidzi panokha chifukwa mtima ungavutike. Muzilembanso masiku amene mwadwala kwambiri ndi zomwe zinkakusowetsani mtendere sabata imeneyo, kuti mukawaonetse pa tsiku lanu lokaonana ndi adokotala.

Mundiyankhe mukabwerako.

Ine bwenzi lanu lokukumbukirani nthawi zonse.