Kalata yochokera ku Texas: kawedzedwe ka white bass m'nyengo yotentha

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa lanyanya. Inu mukufunda mabulangete mu Julayi muno, koma kuno masana kumatentha mpaka madigiri 38.

Munafunsa kuti bwanji anthu kuno amalipira mwini boti kuti akawedze ndi mabanja awo, chikhalirecho nyanja ndi ya aliyense. Ndikufotokozerani za nyanja ya Tawakoni, kum'mawa kwa mzinda wa Dallas, yomwe inapangidwa potseka mtsinje wa Sabine mu 1960. Mabanja amakonda nsomba yotchedwa white bass, eni dera amati sand bass. Ndi yoyera, ya mizere yakuda m'mbali, ndipo zambiri sizikwana kilo. Zimayenda m'chigulu, kuthamangitsa tinsomba totchedwa shad monga zichitira ncheni ndi usipa. Mukapeza chigulucho aliyense amakola, ngakhale mwana wa zaka 6. Ndalama ija ndi yogulira nzeru za munthu wodziwa kumene chiguluchi chili tsiku limenelo.

Boti limanyamuka kusanache, ulendo wake wa maola 4 kapena 5. Dzuwa likamatuluka, white bass zimakankhira shad pamwamba, madzi n'kumachita kuwira, mbalame zikugwera pomwepo. Apa alendo ambiri amalakwitsa polowa pakati injini ikulira, nsomba n'kumira nthawi yomweyo. Wodziwa amazimitsa injini yaikulu patali, ngati mamita 50 kumbali yomwe mphepo ikuchokera, n'kuyandikira ndi kainjini ka batire.

Kukayamba kutentha nsomba zimatsika, ndipo apa mpamene pagona nkhani. M'nyengo ino madzi a nyanja zimenezi amagawikana. Apamwamba ndi ofunda koma a mpweya wokwanira, apansi ndi ozizira koma mpweya mulibe. Malire ake nthawi zambiri amakhala pa mamita 6 mpaka 9. White bass ndi shad zimakhala pamwamba pang'ono pa malirewo. Amene aganiza kuti poti kwatentha ndiye akaponye pakuya kwambiri amabwerako chimanjamanja, chifukwa nyambo yake ili m'madzi opanda chamoyo. Mwini boti amayang'ana pa makina oonetsa pansi pa nyanja, kufunafuna timapiri tobisika ndi mitunda yolowa m'madzi pamene nthaka yakumana ndi malire aja.

Nyambo si nyongolotsi ayi. Ndi kachitsulo ka mtovu kotchedwa slab, kolemera magalamu 28, kopaka utoto woyera kapena wachikasu chobiriwirako, kokhala ndi mbedza ya mano atatu. Ena amamangirira kambedza ka nthenga pamwamba pake, kutalikirana masentimita 45, n'kumavuula ziwiriziwiri. Ndi ana, palibe kuponya kutali. Mwana amamasula chingwe pambali pa boti mpaka chitsulo chigunde pansi, n'kukunga chingwecho, kukweza ndodo theka la mita, kenaka kuitsitsa motsatira chitsulo. Nsomba imaluma chitsulo chikamagwa, poyesa kuti ndi shad yovulala. Chingwe chikakhwepa chisanafike pansi, ndiye kuti yaluma kale, mwana akoke. Pokokapo asapumire, chifukwa chitsulocho ndi cholemera ndipo nsomba ikapukusa mutu chingwe chili chokhwepa, mbedza imazuka. Zikachita ulesi, pukusani msanga chokulungira chingwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuchokera pansi, n'kugwetsanso. Eni maboti ena amagogoda pansi pa boti mosalekeza, ndipo phokosolo limakopa chigulu kuti chisachoke.

Lamulo la bungwe la boma loyang'anira nyama ndi nsomba la Texas Parks and Wildlife limati white bass yotenga ikhale yosachepera mainchesi 10, omwe ndi masentimita 25, ndipo munthu mmodzi asapitirire 25 pa tsiku. Mwini boti sawerengedwa, choncho bambo, mayi ndi ana awiri malire awo ndi 100. Laisensi imafunika kuyambira zaka 17, ndipo ilipo ya tsiku limodzi. Mwana wosakwana zaka 13 amavala jekete yoyandamitsa nthawi yonse boti likuyenda. Limeneli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, achimwene, ndipo ndikanakonda ana athu akamakwera bwato akhale nazo.

Chimene chimagwiritsa anthu ndi nsomba ina yofanana nayo, ya mtundu wosakaniza white bass ndi inzake yaikulu yotchedwa striped bass. Imeneyi iyenera kufika mainchesi 18 ndipo malire ake ndi 5 basi. Yaing'ono imapusitsa. Muiyasamitse muone kumbuyo kwa lilime: white bass ili ndi kachigamba kamodzi ka timano, inayi ili ndi tiwiri. Komanso pa white bass mzere umodzi wokha ndiwo umafika kumchira.

Pochotsa mbedza ana asagwire okha. Chipsepse cha pamsana chili ndi minga ndipo chivundikiro cha m'mbali mwa mutu chimacheka chala. Wamkulu azigoneka mingayo kuchokera kumutu n'kuchotsa mbedza ndi pulayala. Ndi bwino kuphwanya tindevu ta mbedza musanayambe, kuti ikabaya munthu ituluke mosavuta. Zipewa, mafuta oteteza kudzuwa ndi madzi akumwa ambiri zisasowe. Mwana akayamba kudandaula mutu kapena kuti ziii, ulendo wathera pomwepo. Bingu likamveka, n'chimodzimodzi.

Nsomba ikangotuluka ipite pa ayezi. Kuisunga m'madzi ofunda a m'boti imafa msanga, mnofu n'kufewa. Kudoko mwini boti amasenga minofu iwiri ya m'mbali, n'kudula kamzere kofiira ka pakati komwe kamabweretsa fungo. Amaviviniza mu ufa wa chimanga wothira mchere n'kukazinga. Mitu amataya, chinthu chomwe chimandiwawa mtima. Pomaliza banja limawonjezera kangachepe pa mtengo, kawirikawiri 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse.

Mundiuze ngati injini ija inakonzedwa, ndipo ngati pakusowa chitsulo china mutumize chithunzi chake pa WhatsApp. Mupereke moni kwa amayi, alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
kuno ku Texas