Njanji ya Mutarara mpaka Limbe ithe, ndipo idzanyamulenso anthu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya njanji imene maboma a Mozambique ndi Malawi akhala akulonjeza kuti ailumikizanso, kuchokera ku Mutarara m'chigawo chathu chino cha Tete, kudutsa pa Vila Nova da Fronteira ndi pa Marka, mpaka kukafika ku Bangula ndi ku Limbe. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Kwathu ndi ku Angonia, koma ndakhala ku Moatize zaka zoposa 20, ndipo nyumba yanga ili pafupi ndi pamene sitima za malasha zimadutsa usana ndi usiku. Chandichititsa kulemba ndi chakuti nkhaniyi ikamakambidwa pa wailesi imamveka ngati ya nduna, madoko ndi mafuta agalimoto basi, pamene ife amene njanjizi zimapyola m'minda mwathu sititchulidwa n'komwe.

Achinyamata ambiri amaganiza kuti njanjiyi ndi yatsopano, koma ndi yakale kuposa ufulu wa maiko onse awiri. Sitima inayamba kuyenda pakati pa Nsanje, pamene panthawiyo ankapatchula kuti Port Herald, ndi Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, unatsegulidwa mu 1935 pa mtsinje wa Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara, ndipo kuyambira pamenepo tiyi ndi fodya wa ku Nyasaland zinkafika pa doko la Beira popanda kutsitsidwa kuti ziwolotsedwe pa madzi. Nthambi yofika kuno ku Moatize inabwera pambuyo, mu 1949, chifukwa cha malasha. Kutanthauza kuti agogo athu, amene analibe lamya kapena magetsi, ankatha kukwera sitima ku Limbe n'kukatsikira ku Beira, chinthu chimene adzukulu awo lero sangachite.

Chinadula njirayi ndi nkhondo yathu yapachiweniweni. Sitima zinasiya kuyenda pa njanji ya Sena m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa mu 1986. M'zaka zomwezo ine ndi makolo anga tinali m'gulu la anthu oposa 1 miliyoni amene anathawira ku Malawi, ndipo tinasungidwa ndi achibale a ku Dedza amene anatigawira munda ndi nkhokwe mpaka mtendere utabwera mu 1992. Ndikunena izi kuti owerenga a ku Malawi adziwe kuti wolemba kalatayi si mlendo wodzudzula za m'nyumba ya eni. Nkhondo itatha, madzi nawo anamaliza zimene mfuti zinasiya, pakuti mu 1997 chigumula chinakokolola njanji pa Chiromo, ndipo Bangula ndi Nsanje zinadukana ndi Limbe.

Mbali yathu ya Mozambique, kampani ya boma yoyendetsa njanji ya CFM inakonza makilomita 44 ochokera ku Mutarara kukafika pa malire a Vila Nova da Fronteira. Mbali ya Malawi, ntchito yomanganso makilomita 72 ochokera pa Marka kukafika ku Bangula inaperekedwa kwa kampani ya ku China ya CR20, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka patatha zaka pafupifupi 40 chidutsireni sitima yomaliza. Tinakondwa nawo anzathu a ku Nsanje. Komabe Marka ndi pakhomo chabe pa dziko la Malawi. Katundu akatsitsidwa pamenepo ayenera kukwezedwanso m'mathiraki kuti akakwere phiri la Thabwa kupita ku Blantyre, ndipo phindu lalikulu la sitima, lomwe ndi kunyamula zolemera zambiri ulendo wautali popanda kutsitsa, limathera pomwepo. Ngakhale njanji itafika ku Bangula, funso la Chiromo likhala lilipobe, chifukwa popanda kuwoloka Shire ndi kukonza njira yokwera mapiri a Thyolo kudzera ku Sankhulani ndi Luchenza, sitima ya ku Beira siidzalira ku Limbe.

Ine njanjiyi ndikuifuna ndi mtima wonse, ndipo chifukwa changa choyamba ndi Caphiridzange. Mu November 2016, m'mudzi umenewo, womwe uli m'boma lathu lino la Moatize, thanki ya mafuta yochokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika anthu akutunga mafuta, ndipo anthu oposa 70 anatisiya, ena mwa iwo ana aang'ono. Aliyense amene anaona ovulala m'masiku amenewo sangaiwale. Mpaka lero mathanki akudutsabe pa msewu womwewo wopita ku Zobue ndi ku Calomue, akuguguda phula, akuima m'misika pakati pa amayi ogulitsa tomato ndi ana a sukulu. Mafuta ndi feteleza ndi katundu woyenera njanji. Sitima imodzi imanyamula zimene zingadzaze mzere wautali wa mathiraki, ndipo bogi ya mafuta siipatutsidwira m'tchire usiku kuti ikagulitsidwe mozemba. Ubwino wina ndi wakuti njanji za Mozambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zili ndi mpata wofanana wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo, choncho bogi yokwezedwa pa doko ingathe kudutsa malire onse popanda kusintha mateyala. Mwayi umenewu maiko ena alibe.

Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a njanji ife a ku Moatize timawadziwa. Pamene kampani ya Vale inkatsegula mgodi wa malasha, umene unayamba kutulutsa malasha mu 2011, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri a iwo kupita ku Cateme, mtunda wa pafupifupi makilomita 40 kuchokera m'tauni. Mu January 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse. Kenako kunamangidwa njanji ya makilomita 912 yochokera kuno kukafika ku Nacala-a-Velha, yodutsa m'dziko la Malawi kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya, ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Imeneyo ndi njanji yodutsa malire yokongola ndithu, yomangidwa ndi luso, koma chimangidwireni ine sindinaonepo mayi wa ku Cambulatsitsi atakwera sitima ndi dengu lake kupita ku Mwanza kapena ku Balaka. Timangoona mabogi akuda akupita odzaza, akubwera opanda kanthu, ndipo chimatitsalira ndi fumbi pa zovala zoyanika ndi kudikira pa mphambano. Vale inagulitsa mgodi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan mu 2022 n'kumapita, koma kayendedwe ka sitima kwa munthu wamba sikanasinthe.

Ichi ndicho ndikuopa kuti chingachitikenso pakati pa Mutarara ndi Nsanje. Anthu a mbali ziwirizo ndi amodzi, Asena ndi Amang'anja okwatirana, oyenderana pa maliro ndi pa ukwati, ogulitsana nsomba, nandolo ndi chimanga. Sitima ya anthu ya CFM imayenda kale pakati pa Beira ndi Moatize ndipo imadutsa pa Dona Ana pomwepo. Kuika mabogi awiri kapena atatu a anthu opita ku Marka ndi ku Bangula si chinthu chofuna nzeru zachilendo. Chofunika ndi chakuti zilembedwe m'pangano kuyambira pachiyambi: masiku amene sitima ya anthu idzayenda, masiteshoni ang'onoang'ono amene idzaima, bogi yapadera ya mbewu za alimi aang'ono, ndiponso ofesi imodzi ya pa malire pamene a kasitomu a maiko awiriwa adzakhalira limodzi kuti munthu asadinditse chiphaso kawiri. Zikapanda kulembedwa tsopano, wodzayendetsa njanjiyo adzasankha katundu womulipira bwino, ndipo palibe amene adzamuimbe mlandu, chifukwa malonda ndi momwemo.

Ndisanamizire kuti sitima idzafika pakhomo pa aliyense. Kwathu ku Angonia ndi ku Tsangano, kumene kumachokera mbatata ya kachewere, nyemba, soya ndi kabichi zodyetsa mzinda wa Tete ndi Beira, njanji siidutsako ndipo mapiri akumeneko saiyembekezera. Mphwanga amalima kachewere pafupi ndi Ulongwe, ndipo chaka china matumba ake anawola m'thiraki imene inafera panjira masiku anayi, mwini galimotoyo osabweza ngakhale metikali imodzi. Kwa mlimi wotere, nyumba yosungiramo katundu pa siteshoni ya Moatize ndi bogi yodalirika yopita ku Beira sabata iliyonse zingachite zambiri kuposa malonjezo onse a pa msonkhano wa chisankho.

Tsopano ndifike pa ndale, pakuti pamenepo ndi pamene njanji zathu zimafera. Owerenga akukumbukira October 2010, pamene malemu Bingu wa Mutharika anatsegula doko la ku Nsanje pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, koma mtsogoleri wa Mozambique wa nthawiyo, Armando Guebuza, kunalibe, ndipo bwato limene linkayembekezeredwa linagwidwa ndi akuluakulu a dziko lathu lisanafike. Boma lathu linkati kafukufuku wa zachilengedwe pa Zambezi achitike kaye, pamene ambiri ku Malawi ankati Mozambique ikuteteza ndalama za madoko ake. Mbali iliyonse inali ndi mfundo, koma doko lija mpaka lero silinalandire sitima za malonda, ndipo amene anataya ndi osauka a ku Nsanje ndi a ku Mutarara. Vuto lenileni linali lakuti dziko limodzi linayamba kumanga chinthu chodalira mnansi lisanamvane naye mpaka kumapeto. Lero mpando wa ku Lilongwe uli ndi Peter Mutharika, mng'ono wa Bingu, ndipo wa ku Maputo uli ndi Daniel Chapo. Pempho langa kwa onse awiri ndi lakuti chilonda cha 2010 chisakhale chifukwa chozengerezera njanji, ndiponso kuti loto la mtsinje lisaukitsidwe ngati mpikisano wolanda ndalama za Chiromo.

Mu October 2023 Filipe Nyusi, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anakumana ku Nacala n'kusainirana pangano la njira ya ku dokolo. Awiri mwa atatuwo salinso pampando. M'maiko athu muli chizolowezi choipa chakuti ntchito yoyambidwa ndi wina imaonedwa ngati mwana wopeza, imapatsidwa chakudya chochepa mpaka itafooka, kenako wolowa m'malo amaika mwala wa maziko pa ntchito yakeyake. Njanji siimangidwa m'zaka 5 za mtsogoleri mmodzi. Taonani ya Mchinji mpaka Chipata: ndi yaifupi kwambiri, inayambidwa m'zaka za m'ma 1980, koma inatsegulidwa mu 2010, ndipo ngakhale itatsegulidwa siinadzaze ndi katundu monga ankalonjezera, chifukwa imathera ku Chipata osalumikizana ndi njanji ya TAZARA, ya pakati pa Zambia ndi Tanzania. Njanji yothera panjira imadya ndalama za msonkho popanda kubweza, ndipo Marka kapena Bangula ingathe kukhala Chipata wachiwiri.

Palinso ena amene salankhula poyera koma amapindula sitima ikakhala chigonere. Malonda onyamula mafuta ndi feteleza pa msewu ndi aakulu, ali ndi eni ake mbali zonse ziwiri za malire, ndipo m'maganizo anga si onse amene angaombe m'manja katundu akasamukira pa njanji. Sindikunyoza madalaivala, amene amagona pa malire masiku ambiri kuti adyetse ana awo, ndipo ntchito yawo yochotsa katundu pa siteshoni kupita m'maboma siidzatha. Ndikungoti pamene ntchito ya njanji yaima popanda chifukwa chomveka, atolankhani afunse kuti ndani akudyerapo.

Mfundo ina imene ndale siziyenera kuiphimba ndi ya madzi. Namondwe Ana mu January 2022 anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revubue kuno ku Tete, ndipo Freddy mu March 2023 anasakaza chigwa cha Shire. Njanji yomangidwa motchipa m'chigwa chimenecho idzapita ndi chigumula choyamba monga ya 1997. Kuli bwino kukweza mtumbira ndi kukulitsa milatho, ngakhale mtengo ukwere, kusiyana ndi kuthamangira kudula riboni chisankho chisanafike. Tisaiwalenso mtendere wa mbali yathu ino. Mu 2016 anthu a m'boma la Moatize anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho zinatseka misewu n'kusowetsa Malawi mafuta. A Malawi akamakayikira kudalira njira imodzi yodutsa mwathu, ife a ku Mozambique tisakwiye, koma tivomere kuti mantha awowo tinawapatsa ndife.

Choncho, a Mkonzi, ndikupempha nyuzipepala yanu itumize mtolankhani ayende njira yonseyi, kuyambira pa Dona Ana, pa Vila Nova, pa Marka, ku Bangula mpaka pa Chiromo, atiuze pamene zitsulo zafika ndi pamene pali thengo. Afunse nduna zoona za mtengatenga za maiko onse awiri kuti ndalama zowolotsera njanji pa Shire zichokera kuti ndipo ntchitoyo iyamba liti, kuti mabanja osunthidwa alandira chipukuta misozi chotani, ndiponso ngati m'mapangano awo muli mzere ngakhale umodzi wonena za sitima ya anthu. Mayankhowo muwasindikize m'Chichewa, kuti nafenso a ku Moatize, ku Zobue ndi ku Ulongwe tiwawerenge.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Moatize, Tete