Kalata yotseguka kwa a Khansala a wodi yathu: konkire wa pamjigo wang'aluka

A Khansala,

Moni bambo. Tinakutumizirani mawu kudzera kwa anyakwawa, tinakuimbirani foni, koma kuli zii. Lero ndalemba poyera kuti Chipata yense amve.

Konkire wa pamjigo wathu sanathe ngakhale chaka. Mng'alu wayambira patsinde pa paipi mpaka kungalande, ndipo chala chikulowa. Madzi otsukira zigubu, asopo, ndi amene nkhumba zagubudukamo akulowera pamenepo kubwerera pansi pomwe tikutunga. Mvula ikagwa mjigo umatulutsa madzi ofiira. Amayi amangosefa ndi chitenje n'kumwetsa ana. Kolera ya 2023 ndi 2024 mwaiwala kale, bambo?

Mmene anamangira tinaona ndi maso athu. Anathira mu Okutobala dzuwa lili paliwombo, padothi losatsendera. Mchenga anatapa kudambo, wodzaza dothi, ndipo madzi anachulutsa kuti fosholo ipepuke. Madzi owonjezawo akauluka konkire amakhwinyata n'kung'aluka. Simenti imalimba pang'onopang'ono ikakhala ndi chinyezi, n'chifukwa chake imafuna kuthirira masiku osachepera 7, yofunditsidwa masaka onyowa, ndipo mphamvu yake imakwana pa masiku 28. Amisiriwo anathira lero, mawa n'kupakira katundu. Akanangotiuza, tikanathirira tokha, poti madzi ali pomwepo.

Si mjigo wokha: pansi pa kalasi yatsopano pafumbuka, kalavati ya njira ya kuchigayo yagumuka m'mbali, khonde la kachipatala nalo ndi ming'alu yokhayokha.

Timakulemekezani, ndipo mjigowu tikuyamika. Koma pansi pa mtengo wa mango paja munalonjeza kuti kontrakitala sadzalipidwa komiti ya mudzi isanaone ntchito. Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera lililonse la phungu muno m'Zambia, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Kodi matumba a simenti okwanira ndi munthu woyang'anira zingasowe?

Bwerani ndi injiniya adzaone mng'aluwu. Kontrakitala aswe silabu yonse, kungomata pamwamba takana. Atsendere dothi, aike waya, asakanize muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wotsuka wa kumtsinje ndi inayi ya miyala, athire m'mamawa ife tikuona. Ndalama zake zotsala muzigwire mpaka masiku 28 atakwana. Zonsezi zichitike mvula ya Novembala isanayambe.

Ine,
Mayi wa m'komiti ya mjigo